Mpikisano wa World Snooker Championship wa 2023

World Snooker Championship wa 2023 unali mpikisano wa akatswiri a masewera a snooker womwe unachitika kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 1 Meyi 2023 m'nyumba ya zisudzo ya Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield ku England. Unakonzedwa ndi bungwe la World Snooker Tour, ndipo kampani yogulitsa magalimoto ya Cazoo ndi imene inathandiza ndi ndalama. Chinali chaka cha nambala 47 motsatizana kuti mpikisanowu uchitikire ku Crucible. Unalinso womaliza mwa mipikisano 15 ya nyengo ya 2022–23 imene zotsatira zake zimawerengedwa pam'ndandanda wa osewera padziko lonse.

Luca Brecel wa ku Belgium ndi amene anatenga chikho atagonjetsa Mark Selby wa ku England 18–15 m'ndime yomaliza, ndipo analandira mapaundi 500,000. Chaka chimenechi chisanafike, Brecel anali atasewerapo ku Crucible kasanu koma osapambana ndi kamodzi komwe. Iye anakhala munthu woyamba wochokera ku Ulaya, kunja kwa zilumba za Britain ndi Ireland, kutenga chikhochi. Mpikisanowu umakumbukikanso chifukwa Brecel anapambana semifainolo atatsalira ndi mafulemu 9, zomwe zinali zisanachitikepo ku Crucible, komanso chifukwa Selby anachinya mapointi 147 pa ulendo umodzi m'ndime yomaliza, koyamba m'mbiri ya mpikisanowu.

Masewera a snooker mwachidule

Snooker imafanana ndi masewera a pool amene amaseweredwa m'malo achisangalalo a m'mizinda ya ku Malawi monga Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Onse awiri amaseweredwa patebulo la nsalu lokhala ndi maenje 6, ndipo wosewera amamenya mpira woyera ndi ndodo kuti ukagunde mpira wina n'kuulowetsa m'dzenje. Kusiyana kwake n'kwakuti tebulo la snooker ndi lalikulu kwambiri, pafupifupi mamita 3.6 m'litali ndi mamita 1.8 m'lifupi, mipira yake ndi yaing'ono, maenje ake ndi opanikiza, ndipo wopambana amadziwika ndi mapointi osati ndi amene walowetsa mpira womaliza.

Patebulo pamakhala mipira yofiira 15 ndi mipira 6 ya mitundu ina. Wofiira uliwonse ndi pointi imodzi. Wachikasu ndi mapointi 2, wobiriwira 3, wabulawuni 4, wabuluu 5, wapinki 6 ndipo wakuda ndi 7. Wosewera amayamba walowetsa wofiira, kenako amasankha mpira wa mtundu wina, kenako wofiiranso, motero mosinthanasinthana. Mpira wa mtundu wina ukalowa umabwezeredwa pamalo pake malinga ngati yofiira idakalipo. Yofiira ikatha, mipira 6 ija imalowetsedwa motsatana kuyambira wachikasu mpaka wakuda. Wosewera akaphonya, mnzake ndi amene amabwera patebulo. Akalakwitsa, mwachitsanzo akagunda mpira wosayenera kapena woyera ukalowa m'dzenje, mnzakeyo amapatsidwa mapointi osachepera 4.

Kuchokera pomwe mipira yaikidwa mpaka wina atapambana ndi fulemu imodzi. Mapointi amene munthu wachinya pa ulendo umodzi osaphonya amatchedwa break. Break ikafika mapointi 100 imatchedwa century. Wosewera akalowetsa yofiira yonse 15, uliwonse n'kutsatiza wakuda, amapeza mapointi 120, ndipo akawonjezera mapointi 27 a mipira 6 yotsala amafika 147. Imeneyi imatchedwa maximum break ndipo sichitika kawirikawiri. Luso lina lofunika ndi lobisa mpira woyera kuseri kwa mpira wina kuti mnzako alephere kugunda umene akuyenera kugunda. Kubisa kotereku n'kumene kumatchedwa snooker.

Mbiri ya mpikisanowu

Masewerawa anayambitsidwa ndi asilikali a ku Britain amene ankagwira ntchito ku India m'zaka za m'ma 1870. Mpikisano woyamba wa padziko lonse unatha mu 1927 ndipo anapambana ndi Joe Davis wa ku England. Davis anatenga zikho 15 zoyambirira motsatizana mpaka 1946, pomwe anasiya kusewera mumpikisanowu asanagonjepo. Kuyambira 1969 mpikisanowu wakhala ukuchitika mwa njira yoti wogonja amatuluka, ndipo unasamukira ku Crucible mu 1977. Nyumbayi ndi yaing'ono, imalowa anthu pafupifupi 980, ndipo oonerera amakhala pafupi kwambiri ndi tebulo.

Kuyambira 1969, amene anatenga zikho zambiri ndi Stephen Hendry wa ku Scotland ndi Ronnie O'Sullivan wa ku England, aliyense zikho 7. Ray Reardon ndi Steve Davis anatenga zikho 6 aliyense. O'Sullivan anafika pa 7 mu 2022 atagonjetsa Judd Trump 18–13, choncho mu 2023 anabwera ngati woteteza chikho, akufuna cha nambala 8. Pa zaka zonse za ku Crucible, osewera atatu okha ochokera kunja kwa United Kingdom ndi amene anali atapambanapo: Cliff Thorburn wa ku Canada mu 1980, Ken Doherty wa ku Ireland mu 1997 ndi Neil Robertson wa ku Australia mu 2010.

Africa ilinso ndi malo m'mbiri imeneyi. Mu 1965 masewera olimbirana chikhochi anachitikira ku South Africa, komwe John Pulman anachiteteza kwa Rex Williams komanso kwa Fred van Rensburg. Mu 1978 Perrie Mans wa ku South Africa anafika m'ndime yomaliza ku Crucible koma anagonja kwa Ray Reardon 25–18.

Kayendetsedwe ka mpikisano ndi mphoto

M'ndandanda wa osewera padziko lonse umatengera ndalama zimene wosewera wapata m'mipikisano yowerengedwa pa zaka ziwiri zapitazo. Ndalama za zaka ziwiri zikadutsa zimachotsedwa. Popeza World Championship ndi umene unali ndi mphoto yaikulu kuposa ina yonse nyengo imeneyo, zotsatira zake zimatha kukweza kapena kutsitsa munthu kwambiri. Kwa osewera a kumunsi nkhani imakhala yoteteza ntchito, chifukwa amene sali m'gulu la 64 oyambirira pakutha kwa nyengo akhoza kuchotsedwa pagulu la akatswiri.

Ku Crucible kumafika osewera 32. Osewera 16 amalowa mwachindunji malinga ndi malo awo pam'ndandanda, ndipo woteteza chikho amapatsidwa nambala 1. Ena 16 amachokera ku ndime yachipulula. Masewera amatalika pamene ndime zikupita. M'ndime yoyamba wopambana ndi amene wayamba kufika mafulemu 10. M'ndime yachiwiri ndi m'makotafainolo ndi mafulemu 13, m'masemifainolo ndi 17, ndipo m'ndime yomaliza ndi 18. Chifukwa cha kutalikaku, masewera amodzi amagawidwa m'zigawo ziwiri, zitatu kapena zinayi ndipo amatenga masiku awiri kapena atatu. Wosewera akhoza kugona ali patsogolo, mawa lake zinthu n'kutembenuka. Masiku ambiri masewera amayamba 10 koloko m'mawa, hafu pasiti 2 masana ndi 7 koloko madzulo nthawi ya ku England, ndipo m'miyezi ya Epulo ndi Meyi nthawi ya ku Malawi imakhala patsogolo ndi ola limodzi.

Ndalama zonse za mphoto zinali mapaundi 2,395,000 ndipo zinagawidwa motere:

Wopambana: 500,000
Wachiwiri: 200,000
Ogonja m'masemifainolo: 100,000 aliyense
Ogonja m'makotafainolo: 50,000 aliyense
Ogonja m'ndime yachiwiri: 30,000 aliyense
Ogonja m'ndime yoyamba: 20,000 aliyense
Break yaikulu kuposa zonse: 15,000

Panalinso mapaundi 40,000 apadera a wosewera amene angachinye 147 ku Crucible.

Ndime yachipulula

Ndime yachipulula inachitika kuyambira pa 3 mpaka pa 12 Epulo ku English Institute of Sport, mumzinda womwewo wa Sheffield. Osewera 128 analimbirana malo 16, ndipo masewera onse anali ofika mafulemu 10. Stephen Hendry, yemwe anali atabwerera m'masewerawa atapuma zaka zingapo, anagonja kwa James Cahill 10–4. Jimmy White nayenso sanadutse. Barry Hawkins, yemwe anafika m'ndime yomaliza mu 2013, anagonja kwa Jak Jones wa ku Wales.

Osewera asanu anafika ku Crucible koyamba: Jak Jones, komanso anayi a ku China omwe ndi Fan Zhengyi, Pang Junxu, Si Jiahui ndi Wu Yize. Pa nthawiyo osewera ena 10 a ku China, kuphatikizapo Zhao Xintong ndi Yan Bingtao, anali ataimitsidwa ndi bungwe la WPBSA powaganizira za chinyengo cha kubetcha ndi kukonzeratu zotsatira za masewera, choncho sanatenge nawo mbali.

Ndime yoyamba

Ndime yoyamba inachitika kuyambira pa 15 mpaka pa 20 Epulo. O'Sullivan anasewera ku Crucible chaka cha nambala 31, kuposa zaka 30 za Steve Davis, ndipo anagonjetsa Pang Junxu 10–7. Osewera anayi mwa 16 olowa mwachindunji anatuluka m'ndime yomweyi. Judd Trump, yemwe anali atangotenga chikho cha Masters mu Januwale, anagonja kwa Anthony McGill. Ding Junhui anagonja kwa Hossein Vafaei wa ku Iran, ndipo Ali Carter anagonja kwa Jak Jones.

Wachinayi anali Shaun Murphy, amene anabwera atatenga zikho ziwiri, Players Championship ndi Tour Championship, m'miyezi iwiri yapitayo. Iye anagonja 10–9 kwa Si Jiahui, mnyamata wa zaka 20 yemwe anali pa nambala 80 pam'ndandanda. Awiriwa anali ndi mbiri yawo kale. Mu 2021 Si, asali pagulu la akatswiri, anagonjetsa Murphy 6–5 mu UK Championship, ndipo Murphy anadandaula poyera kuti osewera oterowo sayenera kuloledwa m'mipikisano ya akatswiri.

Brecel anapambana masewera ake oyamba ku Crucible movutikira, 10–9, posewera ndi Ricky Walden. Kyren Wilson anachinya 147 pogonjetsa Ryan Day. Neil Robertson anachinya 146 kawiri m'masewera amodzi posewera ndi Wu Yize.

Madzulo a pa 17 Epulo masewera anasokonezedwa ndi anthu awiri a gulu la Just Stop Oil, lomwe limatsutsa zoti boma la Britain lizipereka zilolezo zatsopano zokumba mafuta ndi gasi. Mwamuna wina anakwera patebulo pomwe Robert Milkins ankasewera ndi Joe Perry n'kuthirapo ufa wa mtundu wa lalanje. Patebulo linalo, pomwe Mark Allen ankasewera ndi Fan Zhengyi, mayi wina anagwidwa ndi woyimbira masewera, Olivier Marteel, asanakwere. Awiriwo anamangidwa ndi apolisi. Masewera a Allen anapitirira usiku womwewo, koma tebulo linalo linafunika kuikidwa nsalu yatsopano, choncho Milkins ndi Perry anayambiranso tsiku lotsatira. Milkins anatsalira 7–2 koma anadzapambana 10–9.

Zotsatira zonse za ndime yoyamba zinali izi:

Ronnie O'Sullivan 10–7 Pang Junxu
Hossein Vafaei 10–6 Ding Junhui
Luca Brecel 10–9 Ricky Walden
Mark Williams 10–5 Jimmy Robertson
Anthony McGill 10–6 Judd Trump
Jack Lisowski 10–7 Noppon Saengkham
Robert Milkins 10–9 Joe Perry
Si Jiahui 10–9 Shaun Murphy
Mark Allen 10–5 Fan Zhengyi
Stuart Bingham 10–4 David Gilbert
Jak Jones 10–6 Ali Carter
Neil Robertson 10–3 Wu Yize
Kyren Wilson 10–5 Ryan Day
John Higgins 10–3 David Grace
Gary Wilson 10–8 Elliot Slessor
Mark Selby 10–8 Matthew Selt

Ndime yachiwiri

Ndime yachiwiri inachitika kuyambira pa 20 mpaka pa 24 Epulo. Masewera amene anthu ankawadikira kwambiri anali a O'Sullivan ndi Vafaei chifukwa cha mawu amene Vafaei anayankhula asanakumane. Iye ankati O'Sullivan anamunyoza pa masewera ena akale pomwe anaswa mulu wa mipira yofiira mwamphamvu poyambitsa fulemu. Mu snooker wosewera amayambitsa fulemu pogunda mulu wa yofiira pang'ono chabe n'kubweza woyera kutali, chifukwa kumwaza mipira kumapatsa mnzako mwayi. Itafika nthawi yake yoyambitsa fulemu yachiwiri, Vafaei anabwezera pomwaza mipira yonse. O'Sullivan anapambana fulemuyo, n'kudzapambana masewera onse 13–2 chigawo chachitatu chisanafike.

John Higgins nayenso anathana ndi Kyren Wilson 13–2. Jak Jones anatulutsa Neil Robertson, ndipo Brecel anagonjetsa Mark Williams, katswiri wa mu 2000, 2003 ndi 2018.

Ronnie O'Sullivan 13–2 Hossein Vafaei
Luca Brecel 13–11 Mark Williams
Anthony McGill 13–8 Jack Lisowski
Si Jiahui 13–7 Robert Milkins
Mark Allen 13–4 Stuart Bingham
Jak Jones 13–7 Neil Robertson
John Higgins 13–2 Kyren Wilson
Mark Selby 13–7 Gary Wilson

Makotafainolo

Makotafainolo anachitika pa 25 ndi 26 Epulo. O'Sullivan ankasewera masewera ake a nambala 100 ku Crucible, ndipo pakutha kwa chigawo chachiwiri anali patsogolo pa Brecel 10–6. Ankangofunika mafulemu atatu. M'chigawo chomaliza Brecel anapambana mafulemu 7 motsatizana osamupatsa O'Sullivan ngakhale imodzi, ndipo masewera anatha 13–10. O'Sullivan anayamikira poyera kasewero ka Brecel atatuluka.

Si Jiahui anagonjetsa McGill pa fulemu yomaliza ndipo anakhala woyamba kufika m'masemifainolo pa ulendo wake woyamba ku Crucible chichitireni zimenezi Andy Hicks mu 1995. Allen anathetsa ulendo wa Jak Jones, ndipo Selby anagonjetsa Higgins pa masewera a anthu awiri oti aliyense anali ndi zikho zinayi.

Luca Brecel 13–10 Ronnie O'Sullivan
Si Jiahui 13–12 Anthony McGill
Mark Allen 13–10 Jak Jones
Mark Selby 13–7 John Higgins

Masemifainolo

Masemifainolo anachitika kuyambira pa 27 mpaka pa 29 Epulo. Ndime imeneyi ikafika, chotchinga chimene chimagawa bwalo pakati chimachotsedwa ndipo pamatsala tebulo limodzi.

Si anayamba bwino kwambiri posewera ndi Brecel. Anatsogola 5–3 pakutha kwa chigawo choyamba, 11–5 pakutha kwa chachiwiri, ndipo atapambana mafulemu atatu oyamba a chigawo chachitatu zinafika 14–5. Anangotsala ndi mafulemu atatu kuti alowe m'ndime yomaliza, ndipo zinkaoneka ngati masewerawa atha chigawo chachinayi chisanafike. Apa Brecel anapambana mafulemu asanu otsala a chigawocho, zinthu n'kukhala 14–10. Tsiku lotsatira anapambananso mafulemu 6 oyamba. Onse pamodzi anali mafulemu 11 motsatizana, ndipo Brecel anatsogola 16–14. Si anabweza imodzi, koma Brecel anatenga yotsatira n'kupambana 17–15. Palibe wosewera wina amene anapambanapo ku Crucible atatsalira ndi mafulemu 9.

Semifainolo inayo inali yosiyana kwambiri. Selby ndi Allen ankasewera mochenjera, aliyense akubisira mnzake mpira, ndipo mafulemu ambiri ankatenga nthawi yaitali. Allen, wa ku Northern Ireland, anali atatenga zikho zitatu nyengo imeneyo, kuphatikizapo UK Championship. Selby anafika 16–10, Allen anabweza mafulemu asanu motsatizana, koma Selby anamaliza 17–15. Masewerawa anatha pakati pa usiku patadutsa, kutangotsala maola ochepa kuti ndime yomaliza iyambe.

Luca Brecel 17–15 Si Jiahui
Mark Selby 17–15 Mark Allen

Ndime yomaliza

Ndime yomaliza inachitika pa 30 Epulo ndi pa 1 Meyi m'zigawo zinayi. Woyimbira anali Brendan Moore, mbadwa ya ku Sheffield, ndipo awa anali masewera ake omaliza kuyimbira asanapume pantchitoyi.

Osewera awiriwa anali osiyana m'zambiri. Selby, wa zaka 39 wochokera ku Leicester, anali atatenga chikhochi mu 2014, 2016, 2017 ndi 2021, ndipo aka kanali kachisanu ndi chimodzi kufika m'ndime yomaliza. Amadziwika ndi kudekha, luso lobisa mpira komanso kusataya mtima akatsalira. Brecel, wa zaka 28, anabadwira ku Dilsen-Stokkem ku Belgium pa 8 Marichi 1995. Mu 2012 anafika ku Crucible ali ndi zaka 17 ndi masiku 45, wamng'ono kuposa wina aliyense amene anali atasewerapo kumeneko, koma anagonja m'ndime yoyamba chaka chimenecho komanso mu 2017, 2018, 2019 ndi 2022. Kasewero kake n'kothamanga, ndipo amayesa kulowetsa mipira yovuta imene ena amaisiya. Mkati mwa mpikisanowu iye anauza atolankhani kuti sanakonzekere kwenikweni, ndipo kuti masiku opuma ankabwerera kwawo kukasangalala ndi anzake.

Brecel anatsogola 6–2 m'chigawo choyamba. Madzulo ake Selby anapambana mafulemu 6 mwa 9. Pa fulemu ya nambala 16 analowetsa mipira yonse 36 yofunika n'kuchinya 147, koyamba m'ndime yomaliza ya World Championship. Oonerera anaimirira, ndipo Brecel anapita kukamukumbatira. Tsiku loyamba linatha Brecel ali patsogolo ndi fulemu imodzi yokha, 9–8, ndipo ambiri ankaona ngati masewera atembenukira kwa Selby.

Masana a tsiku lachiwiri Brecel anachinya ma century anayi, omwe ndi 113, 101, 141 ndi 119, ndipo anapambana mafulemu 6 mwa 8, zinthu n'kukhala 15–10. Anatenganso fulemu yoyamba ya madzulo kufika 16–10. Kenako Selby anapambana mafulemu asanu motsatizana. Pa nthawi imeneyi Brecel ankaphonya mipira imene masana ankailowetsa mosavuta, ndipo zinafika 16–15. Pa fulemu ya nambala 32 Selby analakwitsa, Brecel anapezerapo mwayi n'kufika 17–15. Fulemu yotsatira anaimaliza ndi break ya 112, yomwe inali century yake yachisanu m'ndime yomalizayi, ndipo anapambana 18–15.

Chikhochi chinali chachinayi kwa Brecel m'mipikisano yowerengedwa pam'ndandanda. Zina zitatu zinali China Championship mu 2017, Scottish Open mu 2021 ndi Championship League mu 2022. Paulendo wake wa ku chikho anagonjetsa akatswiri atatu akale a mpikisanowu, Williams, O'Sullivan ndi Selby, omwe zikho zawo zonse pamodzi zinali 14.

Ma break akuluakulu

Ku Crucible kunachinyidwa ma century 90, ocheperapo poyerekeza ndi 109 a mu 2022. Ma 147 a Kyren Wilson ndi Mark Selby anali a nambala 13 ndi 14 m'mbiri ya nyumbayi. Yoyamba inachinyidwa ndi Cliff Thorburn mu 1983, zaka 40 m'mbuyomo. Kanali kachiwiri kuti ma 147 awiri achitike ku Crucible chaka chimodzi. Koyamba kanali mu 2008, pomwe anachinya O'Sullivan ndi Ali Carter. Wilson ndi Selby anagawana mapaundi 55,000, zomwe ndi 40,000 za 147 kuphatikiza 15,000 za break yaikulu.

Zomwe zinatsatira

Mapaundi 500,000 anakweza Brecel kufika pa nambala 2 pam'ndandanda wa dziko lonse, kumbuyo kwa O'Sullivan yemwe anakhalabe pa nambala 1. Si Jiahui, ndi mapaundi 100,000 ake, anachoka pa nambala 80 kufika pa 36.

Mu Juni 2023 chigamulo cha osewera 10 a ku China chinatuluka. Liang Wenbo ndi Li Hang analetsedwa kusewera moyo wawo wonse. Yan Bingtao analetsedwa zaka zisanu. Zhao Xintong, yemwe sanapezeke kuti anakonzeratu zotsatira za masewera ake koma anavomera kuti ankabetcha komanso kuti anakhudzidwa ndi chinyengo cha mnzake, analetsedwa miyezi 20.

Brecel sanathe kuteteza chikho chake. Mu 2024 anagonja m'ndime yoyamba 10–9 kwa David Gilbert. Zimenezi si zachilendo, chifukwa kuyambira 1977 mpaka 2025 palibe wosewera amene anatenga chikhochi koyamba ku Crucible n'kuchitetezanso chaka chotsatira. Okonda masewerawa amati limeneli ndi tsoka la ku Crucible. Chaka cha 2024 chikho chinapita kwa Kyren Wilson, yemwe anagonjetsa Jak Jones 18–14. Mu 2025 Zhao Xintong, chilango chake chitatha, anayambira ku ndime yachipulula mpaka kugonjetsa Mark Williams 18–12 m'ndime yomaliza, ndipo anakhala woyamba wa ku China komanso wa ku Asia kutenga chikhochi. Choncho pa zaka zitatu zokha, 2023 mpaka 2025, chikhochi chinapita kawiri kunja kwa United Kingdom, pomwe pa zaka 46 zoyambirira za ku Crucible chinatuluka katatu kokha.